Kaphazi ka Pakhomo pa Tchalitchi

Mabokosi 140 a matailosi anafika kutchalitchi pa lole Lachinayi kuchokera ku Nsaru. Amayi a kwaya anaimba nthungululu. Mayi Ursula anangoima ndi tsache lawo, kuyang'ana.

Tchalitchichi anachidziwa chikadali cha udzu. Ali mtsikana ankachizira Loweruka lililonse ndi dothi lakuda la kudambo. Chaka choumba njerwa anatunga madzi mpaka khosi kuuma. Kenaka kunabwera malata, kenaka simenti. Tsiku lothira simentiyo mwana wawo Prince, atangophunzira kuyenda, anawapulumuka n'kuponda pakhomo pasanaume. Amisiri anakalipa, koma anali atatopa, sanafafanize. Kaphazi kanatsala pomwepo, zala zinayi zooneka bwino, chachisanu chofufutika.

Tchalitchi chinakula, anachiwonjezera mbali zonse ziwiri, chinasanduka parishi. Prince naye anakula n'kupita ku Joni. Anamwalira komweko, anzake n'kumuika komweko. Kumudzi kunangofika uthenga wa pafoni. Mayi Ursula alibe manda oti akasese. Amasesa pakhomo pa tchalitchi.

Lachisanu Kelvin, mmisiri woika matailosi, anatambasula chingwe chake choyezera, chinadutsa pa kaphazi paja.

"Amayi, tasunthani pang'ono. Kapena ndikuikeni tailosi inunso?"

Mayi Ursula sanaseke, sanakwiyenso. Analoza pansi ndi tsache.

"Apanso mukwirira?"

"Paliponse, amayi. Kodi ndi ka ndani aka? Kamwana kosamva eti?"

"Kanali kosamvadi. Kanali kanga."

Kelvin anawayang'ana kumaso, n'kuyamba kukulunga chingwe chija pang'onopang'ono.

"Kusiyapo posaika tailosi sindingathe, akomiti ya tchalitchi angandidye wamoyo. Koma kugoba ndingayese. N'kachidutswa kochepa, kokwana m'lichero."

Mayi Ursula anadikira kuti mumtima muchitike kanthu, kaya kuwawa kaya kupepuka. Munali zii. Anangofunsa ngati simenti yakale siphwanyika poigoba.

"Ina imaphwanyika, ina ayi. Sindikunamizani."

"Chabwino, mwanawe."

Anawerama n'kupitiriza kusesa. Fumbi la m'kaphazimo analichotsa ndi chala, monga amachitira nthawi zonse, ndipo anatuluka osatembenuka.

Matailosi ayamba kuikidwa Lolemba, kuyambira kuguwa. M'mawa wa tsiku lomwelo Kelvin abwera ndi tchizulo ndi hamala, ayambire pakhomo anzake asanafike. Mayi Ursula abwera ndi lichero, ndi chitenje choyala m'katimo.