Fetereza wa Pabwalo, Ndere za M'dziwe

Dzina loti a Kapinga anawapatsa ndi ana asukulu, ndipo linawakakamira mpaka akazi awo omwe ankawaitana choncho akapsa mtima. Ntchito yawo inali yosamala bwalo la mpira pa sukulu ina ya sekondale: kutchetcha, kuthirira, kujambula mizere ndi laimu, kuthamangitsa mbuzi. Anali munthu wamfupi, wadazi, wosayankhulayankhula. Koma wina akangodutsa ndi njinga pakati pa bwalo lawo, mawu ankawapeza.

Kumunsi kwa bwalolo, kuseri kwa mpanda, kunkakhala alamu awo, achimwene a akazi awo. Iwowa anakalambira pa chiwongolero cha basi, ndipo msana utayamba kukana anakumba dziwe n'kuyamba kuweta nsomba. Awiriwa akakumana sankalephera kunyogodolana.

"Alamu, kulima udzu woti anthu azipondaponda, inu mumati ntchito imeneyo?"

"Nanga inu, munthu wamkulu ndevu pepeya, kumadzukirira kukaperekera nsomba chakudya ngati ndinu wantchito wawo?"

Chaka china sukuluyo inasankhidwa kuchititsa mpikisano wa masukulu ambiri. Ahedi anagula matumba a fetereza n'kuuza a Kapinga kuti bwalo lichite kubiriwira. Pa thumba panalembedwa muyezo, ndipo iwo anauwerenga bwinobwino. Koma kutsogolo kwa magoli kunali madazi ngati pamutu pawo, masiku anali atawathera, komanso mitambo inali itayamba kuda. Anati mvula isungunula zonse n'kuzilowetsa pansi. Anawaza matumba onse tsiku limodzi.

Mvulayo sinabwere yowaza, inachita kukhuthuka. A Kapinga ataima pakhomo la kanyumba kosungiramo makasu, anaona madzi akusefukira pabwalo n'kutsata ngalande imene anakumba okha, yodutsa pansi pa mpanda. Kumene ngalandeyo inkathera ankakudziwa. Anakankha chitseko n'kuyamba kunola chikwakwa chimene chinali chakuthwa kale.

Dzuwa litayambanso kuwomba, madzi a m'dziwe anasintha mtundu mpaka anabiriwira ngati athiramo penti. M'mawa wina nsomba zinapezeka pamwamba, kukamwa yasa. Mawa lake zinali zitagada, mimba mbuu, ndipo fungo linakafika mpaka pabwalo.

Alamu aja mkwiyo anautula pa akazi awo, amene ankakonda kuchapira pafupi ndi dziwelo. "Sopo wako wandiphera nsomba!" Panatsatira mawu ena oipa kuposa amenewa. Mayiwo analongedza zovala zawo n'kupita kwa mng'ono wawo.

Mlangizi wa zoweta nsomba anabwera a Kapinga ali pomwepo, akuthandiza kukwirira nsomba zakufa. Anali mayi wovala majombo. Anatunga madzi m'botolo n'kuwayang'ana padzuwa.

"Sopo wa m'beseni sangachite izi," anatero mlangiziyo. "Muno mwalowa chakudya cha zomera chochuluka, nayitirojeni ndi fosiforasi. Zimenezi zikachoka m'nthaka sizisowa ayi, zimayenda ndi madzi. Zikafika m'dziwe zimanenepetsa ndere. Nderezo zikafa n'kumaola, tizilombo toziwoletsa timatha mpweya umene nsomba zimapuma. Kodi kumtundaku kuli khola, kapena munda wothira fetereza?"

"Kuli bwalo la mpira basi, amayi," anayankha alamu aja. "Udzu wokhawokha."

A Kapinga anawerama n'kupitiriza kufotsera dzenje.

Mpikisano unachitika. Bwalo linali lokongola kuposa chaka china chilichonse, ndipo ahedi anawagwira chanza pamaso pa alendo. Iwo chanza chimenecho chinkawawotcha. Kunyumba ankangotola pang'ono m'mbale n'kusamba m'manja. Akamapita kuntchito anayamba kuzungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo pa alamu awo.

"Bambo a ana, mukudwala kapena mwaba?" anafunsa akazi awo tsiku lina akuchotsa mbale.

A Kapinga anafotokoza zonse, maso ali pa tebulo. Mayiwo anapukuta manja pa nsalu yawo.

"Achimwene ataya nsomba, tsopano banja nalo likutha, inu muli chete ngati chitsa? Valani malaya, a Kapinga."

A Kapinga anawapeza alamu aja atakhala pa ndowa yovundikira, m'mbali mwa dziwe lonunkhalo. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu.

"Bwenzi mutanena tsiku lija, alamu," anatero motsitsa mawu. "Nsomba ndi mbewu, timakagula zina. Koma zimene ndinamunena mkazi wanga, ndizimeza bwanji?"

Kokapepesa anapita onse awiri, a Kapinga patsogolo, chipewa m'manja. Akazi a alamu aja anawasiya panja mpaka dzuwa linawapweteka. Kunyumba kwawo anabwerera ndithu, koma mvula itasiya kale.

A Kapinga anatseka ngalande ija n'kukumba ina yothera m'dzenje lalikulu, limene analizunguliza ndi nthochi. Udzu wotchetcha, umene kale ankauwotcha utsi n'kumatsamwitsa ana m'makalasi, anayamba kuuwunjika kuti uwole, manyowa ake n'kumabwezera pabwalo pomwepo. Ahedi akanena za fetereza, iwo ankayamba ayang'ana kumwamba ngati kuli mitambo ya mvula. Loweruka lililonse ankapita kukathandiza kukokolola matope m'dziwe, mpaka alamu awo anaikamonso nsomba, ngakhale si zambiri ngati kale.

Matope akuda aja ankawatuta pa wilibala kupita nawo kudimba la akazi a alamu aja. Kwa nthawi yaitali mayiwo ankangowalozera ndi chibwano pokhuthula. Loweruka lina a Kapinga atakhuthula ulendo womaliza, thukuta lili kamukamu, mayiwo anaweramuka pa bedi la tomato.

"Mwathira pa mbande zanga, alamu. Chotsani, muike uko. Mukatha mubwere mudzamwe madzi."

A Kapinga anagwada n'kuyamba kuchotsa matopewo ndi manja, mosamala kuti asathyole mbande ina.