Mapu a Namondwe Andisindikizira Opanda Mitundu

Anthu inu, mapu a mitundu itatu munthu angasindikize akuda ndi oyera basi, n'kukuuza kuti khalas, tamaliza?

Mng'ono wanga Asiyatu amachita geni ku Beira ndi mwamuna wake. Apeza puloti pafupi ndi nyanja, Lachisanu lino amafuna kukasaina. Ananditumizira pafoni mapu osonyeza pomwe madzi a m'nyanja amafika namondwe akawomba. Pena pofiira, pena pachikasu, pena pobiriwira, puloti yawo atayiika kamtanda. Koma mawu onse m'Chipwitikizi cha m'maofesi, iwo amadziwa cha pamsika. Akuti, "Achemwali, ku Dubai kuli omasulira, tithandizeni."

Lachiwiri ndi tsiku langa lopuma kushopu ku Festival City, kuno ku Dubai. Ndinafika pa ofesi ina yomasulira zikalata 9:20 m'mawa. Kundiitana 11:05. Bambo wa pakauntala, maso ali pafoni, anati ndipereke madiramu 80, ndibwerenso 1 koloko.

Nthawi itakwana anandipatsa pepala. Mawu amasuliradi, koma mapu onse otuwa ngati phulusa. Ndinafunsa kuti pofiira ndi pati. Akuti inki yamitundu inatha sabata yatha. Nanga pofiira pakutanthauza chiyani, poti mzere umenewo mwaudumpha? Akuti iwo amamasulira mawu, osati mitundu. Kenaka akundimwetulira, akuti pa mapu a mapuloti pofiira nthawi zambiri ndi malo apamwamba, ndiwauze abale anga agule msanga, inshallah.

Malo apamwamba! Munafikako ku Beira, bambo?

Ndinapempha manijala. Akuti ali ku lanchi. Abwera nthawi yanji? Akuti mawa.

Ndinayamba kudandaula ndekha m'Chichewa. Mayi wina pampando wodikirira anatembenuka.

"Mwati Beira? Tiyeni nione, amai."

Anali Mai Tembo a ku Chipata, amajambula mapulani a nyumba. Anatenga foni yanga n'kukulitsa kabokosi ka pakona ya mapu, kofotokoza tanthauzo la mitundu.

"Manambala aya safuna womasulira. Pofiira madzi apitirira mamita awiri, apita mutu wa munthu. Ndipo si mvula iyai, ni nyanja yeniyeni, mphepo iikankhira kumtunda. Kamtanda kanu kali pati?"

Kanali pakati penipeni pofiira.

Ndinaimbira Asiyatu pomwepo, wa pakauntala akumva. Ndinati, "Iwe, usasaine. Ana ako sadziwa kusambira." Kenaka ndinamva akuitana mwamuna wake mokuwa. Puloti ija aisiya, akufunafuna ina kumtunda.

Ndiye inu a ofesi, tandiyankheni. Ndi angati mwawauza kuti pofiira ndi malo apamwamba? Ngati simukudziwa, mawu oti "sindikudziwa" akukuvutani pati?

Inu anzanga, mbale wanu akakutumizirani mapu a nyanja, yambani mwawerenga kabokosi ka pakona musanafunse kukongola kwa puloti.