Tsiku Limene Tinakweza Chigubu

Chisanu cha ku Benoni, ku Joni kuja, chinali ndi fungo lakelake: utsi wa malasha, parafini wa mbaula, ndi petulo wa galimoto ya bambo. Galimotoyo inali kalole kakale kamene abwana awo, komwe ankasamalira maluwa, anawapatsa m'malo mokataya. Tinaitcha Chigubu. Batire yake inali itafa kalekale, moti ukapotokola kiyi inkangotsokomola kamodzi n'kukhala chete.

Msewu wathu unali wotsetsereka, ndipo ife tinkachita lendi kumunsi kwenikweni. Choncho madzulo aliwonse bambo ankaimika Chigubu pamwamba pa chitunda, mphuno italoza kumunsi, mwala patayala, iwo n'kutsika wapansi. M'mawa ndinkawaperekeza. Ankachotsa mwala uja n'kumasula buleki, galimoto n'kuyamba kutsika mwakachetechete, kenaka gu! gu! injini yalira. Ine ndinkadumpha ngati ndagoletsa chigoli. Aneba ankaseka ndithu, koma bambo analibe nazo ntchito. Amayi anali oyembekezera, masiku atayandikira, ndipo bambo sankafuna kuti tsikulo lidzawapeze akusaka matola.

Nyengo yomweyo amalume a Yohane, mlongo wawo wa amayi, anali atangofika kumene ku Joni. Anali munthu wosadziwa kukhala manja lende. Loweruka lina masana anaona kuti Chigubu yachita fumbi lachikasu la ku migodi. Anakwera chitunda, anaitsetsereketsa mpaka pageti osailiza poopa kutha petulo, n'kuitsuka ndi sopo mpaka mbee! Ataima pambali kudikira kuyamikiridwa, amayi anaitana bambo m'nyumba ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Nthawi yawo yochira inali itakwana.

Bambo potuluka anaona galimoto pageti, anagwira m'mutu. "Alamu, mwachita chiyani? Pano ndi pansi penipeni, itsetserekera kuti?"

"Ndimati ndithandize, alamu," anatero amalume, thovu lili m'manja.

Tinayamba kukankha atatu, bambo, amalume ndi ine. Misempha inatuluka m'khosi, mapazi akuterereka pathovu, koma Chigubu osasuntha n'pang'ono pomwe. Ndiye MaDlamini, mayi wa nyumba yoyang'anana nafe, anakuwa m'Chizulu, "Wozani bo! Phushani!" kutanthauza kuti bwerani, kankhani. Anthu anatuluka ngati ngumbi. Anyamata anasiya mpira, wa pakasitolo kaja amati sipaza anakasiya kosatseka, azimayi ena anabwera tsitsi ataluka mbali imodzi. Ine ndinapeza kamalo pafupi ndi getsi lakumbuyo n'kuikapo phewa. Galimoto inayamba kukwera, poyamba mokakamira, kenaka mothamanga, mpaka tinkachita kuithamangira. Ndinkakuwa ndi chisangalalo mpaka mawu kusasa.

Pamwamba tinaitembenuza, bambo analumphiramo, tinaisiya. Inatsika chete. Inadutsa nyumba yoyamba chete, yachiwiri chete, msewu wonse utagwira mpweya. Itatsala pang'ono kufika pageti pathu inagwedezeka, inalavula utsi wakuda, n'kulira. Nthungululu zake! Amalume ananyamula mlongo wawo ngati mwana n'kumukhazika kutsogolo. Mlongo wanga Tadala anabadwa atangolowa kumene m'chipatala.

Kwa masabata ndinkauza aliyense kuti Chigubu ndinaikweza ndine. Kusukulu ndinadzaphunzira kuti kukankha chinthu chosasuntha, ngakhale utuluke thukuta lotani, asayansi sakuwerengera ngati ntchito; kuti chinthu ukachikweza pamwamba chimasunga mphamvu yodzatsikira; ndiponso kuti anthu ambiri amagwira ntchito yomweyo m'kanthawi kochepa. Ndinavomera kuti phewa langa linathandiza pang'ono chabe.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti msewu wonse ukuvina, bambo okha sanaseke. Manja awo ankanjenjemera pachiwongolero, ndipo ine ndinkayesa kuti akwiyira amalume. Ndinadzamvetsa patapita zaka zambiri, nditakhala pabenchi kunja kwa chipinda chochirira, ndikudikira mwana wanga woyamba, manja anga akukanika kugwira kapu ya madzi.