Matope a M'dimba

Ku Lobi kuli mkulu wina woyenda ndi kamera pakhosi, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ndi wa mtima wapachala. Maukwati sajambula. Amajambula nkhungu ikamatsika m'phiri, mame pa masamba a nyemba, ndi manja a amayi akusenda kachewere. Munthu akangoima njo n'kuyamba kukonza kolala, iwo amatsitsa kamera n'kukalipa: "Mwaumiranji ngati chitsa? Pitirizani zomwe mumachitazo!"

Akazi awo atamwalira, mwana wawo Gervazio anabwera kuchokera ku Lilongwe n'kupempha chithunzi choika pabokosi. Mkuluyo anamupatsa chomwe amachikonda koposa: mayiwo ali m'dimba, matope mpaka m'mawondo, akuseka, khasu lili paphewa.

Tsiku loika maliro, pakhomo la tchalitchi, mkuluyo anachiona chithunzicho chili m'felemu pabokosi. Matope anali atafufutidwa pa foni, khasu kulibe. Mayiwo anali atavekedwa diresi loyera, kumbuyo kwawo kuli mitambo.

Mkuluyo analoza chithunzicho. "Ameneyu ndi ndani?"

"Ababa, timafuna kuti amayi aoneke bwino pamaso pa anthu," Gervazio ananong'ona.

"Ndiye kuti unkachita nawo manyazi eti? Matope amenewo ndi amene anakulera iwe!"

Anachichotsa pabokosipo n'kuchivundikira pansi. Kwaya inaleka kuimba. Anthu onse, ngakhale abambo mfumu, anadikira panja mpaka mkuluyo atapita kunyumba wapansi n'kubwera ndi chithunzi chenichenicho. Anachiika okha, kenako n'kutembenukira onyamula bokosi.

"Tsopano alowetseni. Awa ndiye akazi anga."