Anaombera M'manja Mawu Anga Osasa

Chizindikiro choyamba chinali kusasa mawu. Kunayamba mu Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi kuno ku Kitwe, pamene theka la anthu a m'komboni yathu ya Kwacha limakhala likutsokomola. Sindinkamva kupweteka kulikonse. Ndinkadya bwino, ndinkagona bwino, koma m'mawa uliwonse mawu ankatuluka ngati a munthu amene dzulo lake anali kukuwa ku mpira. Ndinamwa madzi otentha a mandimu ndi uchi, n'kudikira kuti zithe zokha.

Ndifotokoze kaye chifukwa chake mawu angawa ali nkhani kwa anthu enanso. Ndinali mtolankhani ku Ndola, wolemba za m'makhoti, mpaka ndinapuma ntchito. Kwa zaka zingapo tsopano, Lamlungu lililonse pa 16 awazi, 4 koloko madzulo, pabalaza pathu timakhala anthu anayi kuonera sewero la apolisi la pa TV. Pali ine, mkazi wanga Monika, mchimwene wake a Zulu amene anakalambira mu mgodi, ndi mnansi wathu Bashi Mwila, Mubemba wogulitsa zipangizo za galimoto. Seweroli ndi la kunja, la m'chilankhulo chimene palibe wa ife amachimva, ndipo mawu a Chingerezi amadutsa m'munsi mothamanga. Maso a alamu anga sawapeza. Choncho ine ndimawerenga, n'kumamasulira mokweza m'Chinyanja. Ndimalankhulira wakuba, ndimalankhulira mboni, koma makamaka ndimalankhulira Inspekita, mwamuna wotopa wa jekete limodzi, amene mawu ake amamveka ngati akukanda pakhosi.

Mawu anga atasasa, anzangawa anakondwa.

"Alamu, manje ndiye mwafika!" anatero a Zulu Lamlungu lina, akuomba m'manja. "Kale munali kumveka ngati katekisiti. Lero ndi Inspekita weniweni."

"Musamwe na mankhwala, ba Sakala," anawonjezera Bashi Mwila. "Mukachira mudzationongera filimu."

Tinaseka tonse, ndipo kunena zoona zinandikomera. Ndinayamba kutsitsa mawu dala pofika pa Inspekita. Seputembala anatha, Okutobala anatha ndi kutentha kwake. Fumbi linatha mvula yoyamba itagwa, anthu ena onse analeka kutsokomola, koma ine mawu sanabwerere. Ndinayamba kumva ngati pakhosi pakakamira kanthu, ndipo pomeza malovu ululu unkathamangira ku khutu lakumanzere. Fodya ndinali nditasiya kalekale, motero sindinamuganizire.

Mu Novembala, pa gawo lomaliza la sizoni imeneyo, Inspekita anatsegula chitseko cha ofesi n'kupeza kuti mboni yake yaphedwa, ndipo wowulula pamene inabisala ndi wapolisi mnzake. Anatembenuka, nayamba kulankhula. Ine ndinatsegula pakamwa, koma panatuluka mpweya wokha. Ndinayesanso. Palibe.

"Wakamba chiyani?" anafunsa a Zulu, maso ali pa TV. "Alamu, wakamba chiyani?"

Monika sankayang'ana TV. Ankayang'ana ine. "Achimwene, khalani chete," anatero. Kenako kwa ine: "Atate ake Dalitso, mawa tikupita ku kiliniki. Sindikufunsani."

Ku kiliniki ya kwathu anayamba ndi kuyeza makhololo, chifukwa kuno ku migodi munthu wa pakhosi kapena pachifuwa amamuyeza kaye TB. Sanaipeze. Anandipatsa kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Ndola, kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi. Tinakwera basi m'mamawa, tinakhala pa benchi mpaka masana. Dokotalayo, mayi wachitsikana wolankhula pang'ono, anandipopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kunsonga. Sizipweteka, koma misozi imatuluka yokha. Pa galasi la makina ake ndinaona mkati mwa khosi langa: timinofu tiwiri timene timatulutsa mawu, ndipo pa kakumanzere panali chotupa choyererako, chokhakhala.

Anandifunsa kuti mawu anasasa liti. Monika anayankha kuti mu Ogasiti. Dokotala analemba, osadzutsa mutu, kenako anati: "Bambo, mawu akasasa kupitirira masabata atatu, timafuna kuona pakhosi. Inu mwatha miyezi."

Mu Disembala anandigoneka, n'kudula kachidutswa ka chotupacho kukayeza. Khirisimasi tinadya tikudikira. Kudikira zotsatira ndi matenda pakokha: umadzuka nako, umapita nako ku Misa, umagona nako. Mu Januwale tinaitanidwa. Inali khansa ya pakhosi. Dokotala anati inali isanafalikire, inali pa kamnofu kamodzi kokha, ndipo akhoza kuiwotcha ndi makina ku Lusaka popanda opareshoni. Ndinafunsa monong'ona ngati ndidzalankhulanso. Anati chiyembekezo chilipo chachikulu, koma sangalonjeze kuti mawu adzakhala ngati akale. Anatinso ndikanachedwa chaka china, akanachotsa kholingo lonse, ndipo ndikanamapumira pa bowo la pakhosi.

Madzulo a tsiku limenelo a Zulu anabwera kunyumba. Anakhala pa mpando wawo, chipewa chili pa bondo. Kenako anati: "Ndine ndinaomba m'manja, alamu. Munthu akudwala, ine kuomba m'manja." Ndinawagwira paphewa. Ndinalibe mawu owauzira kuti woyamba kukondwera ndi mawuwo ndinali ine.

Tinapita ku Lusaka mu Malichi, ndipo tinafikira kwa mwana wa mlongo wanga. Tsiku loyamba anandiumbira chigoba cha pulasitiki chophimba nkhope ndi khosi, chimene amachimangirira ku bedi kuti mutu usagwedezeke. Analembapo zizindikiro zosonyeza pamene kuwala kwa makinawo kuzilowera. Kuyambira apo, Lolemba mpaka Lachisanu, dongosolo linali limodzi: kufika m'mawa, kupereka khadi, kukhala pa benchi, kuitanidwa dzina, kugona pansi pa makina kwa mphindi zochepa, kubwerera. Makinawo samveka kutentha. Amangolira n'kuzungulira. Kuwotcha kwake umakumva pambuyo pake.

Sabata yachitatu khosi linada kunja ngati lapsa ndi dzuwa, ndipo mkati munali ngati zilonda. Chakudya cholimba chinakana. Ndinkakhalira phala, mkaka wowawasa ndi supu ya nkhuku, ndipo Monika ankaima pambali mpaka nditamaliza. Lamba ndinamuboola mabowo atsopano. Mawu anatheratu. Namwino wina anandiuza kuti ndisayese ngakhale kunong'ona, chifukwa kunong'ona kumatopetsa khosi kuposa kulankhula. Kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akufunsa mafunso ndi kutsutsa anthu, ili linali gawo lovuta kuposa ululu.

Pa benchi paja panali anthu ochokera kulikonse: ku Mansa, ku Chipata, ku Mongu. Tinkadziwana ndi matenda athu tisanadziwane mayina. M'masiku omwewo kunamveka kuti sewero lathu lija likutha, sizoni ikubwerayi ndi yomaliza. Ndinadabwa kupeza kuti theka la benchi limaonera. Mphunzitsi wina wa ku Kabwe, wodwala khansa ya m'matumbo, ankayambitsa mkangano m'mawa uliwonse: kodi wapolisi wogulitsa anzake ndani? Iye ankati ndi kamnyamata ka pa kompyuta. Mayi wina woyang'anira mwamuna wake ankati ndi dalaivala. Ngakhale namwino woitana mayina ankaima pakhomo, mafayilo ali m'manja, kuti aponyepo lake.

Ine ndinali ndi yankho, ndipo ndili nalo mpaka lero. Ndi bwana wamkulu wa polisi. Ndakhala m'khoti zaka zambiri, ndikudziwa kuti munthu amene amafika woyamba kupepesa pa maliro ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Koma ndinalibe mawu. Ndinkakodola Monika, kuloza paphewa pamene pamakhala nyenyezi za bwana, kuti andinenere.

"Amuna anga akuti ndi mkazi wa Inspekita," ankatero Monika mofatsa.

Ndinkagwedeza mutu mwamphamvu kukana.

"Mwaona? Akuti palibenso kukayika. Iwowa anali mtolankhani, amadziwa."

Limenelo linali ganizo lake iye, pakuti mkaziyo nayenso ndi wapolisi, ndipo tinali tikukangana za zimenezi chiyambire Novembala uja. Benchi yonse inayamba kundilemekeza chifukwa cha maganizo amene si anga, ndipo mphunzitsi uja ankandigwira chanza kuti ndaona patali. Kuseka kunkandipweteka pakhosi, koma ndinkaseka. Ndinaona kuti Monika ankachita zimenezi makamaka masiku amene ndadzuka wofooka, ndikukana phala. Munthu wokwiya ndi mkangano amadya kuti apeze mphamvu zodzayankha.

Kunyumba nako nkhani zinkabwera pa foni. TV inayamba kubwereza masizoni akale, ndipo a Zulu ndi Bashi Mwila anayesa kuonera okha. Bashi Mwila anatenga ntchito yanga, koma ankamasulira m'Chibemba.

"Mlongo, uwauze alamu achire msanga," anadandaula a Zulu, Monika atakweza foni kuti ndimve. "Inspekita wasanduka Mubemba. Posachedwa ayamba kudya anyani."

"Awe, ba Zulu, bufi, bodza limenelo!" anakuwa Bashi Mwila chapatali. "Zaka zonsezi munamudyetsa mbewa, manje wapumulako!"

Ndi mmene Abemba ndi anthu a kum'mawa timanyozerana, ndipo sipakhala wokwiya. Koma kumapeto a Zulu anatsitsa mawu. Anati azimitsa TV, sadzaoneranso mpaka nditabwera. Monika anawakumbutsa kuti mwina sindidzatha kumasulira. "Ngakhale azingokhala pa mpando," anayankha. "Tidzaonera zithunzi."

Chithandizo chinatha kumapeto kwa Epulo. Dokotala wa ku Lusaka anandichenjeza kuti ululu udzakula kaye kwa masabata angapo usanayambe kuchepa, ndipo zinaterodi. Tinabwerera ku Kitwe ndili wowonda, khosi likusupuka khungu. Ndinkamwa madzi pafupipafupi chifukwa malovu anachepa, ndinkapewa utsi wa mbaula, ndinkachita zimene anandiphunzitsa: kupuma ndi mimba, kung'ung'udza pang'onopang'ono ngati njuchi. Mu Juni, m'mawa wina wozizira, Monika akusesa pabalaza, ndinayesa dzina lake. Linatuluka. Linali laling'ono, lophwanyika pakati, koma linali dzina. Anaimika tsache, n'kundiyang'ana.

"Mwati chiyani?"

"Si mkazi wa Inspekita," ndinatero. "Ndi bwana."

Anakhala pansi pomwepo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Pamene ndikulemba izi, ndapimidwa kawiri ku Ndola ndi kachingwe ka kamera kaja, ndipo dokotala akuti chotupa sichikuoneka. Sananene kuti nkhani yatha. Ndiyenera kubwerera miyezi ingapo iliyonse kwa zaka zingapo, ndipo ndimapita. Ndikudya chilichonse, thupi likubwerera. Mawu ndi otsika, amatopa msanga, ndipo sindingaitane munthu ali kutsidya kwa msewu. Ku kwaya ya parishi ndinasiya. Ola lathunthu la kumasulira sindingalithe, choncho tagawana ntchito. Monika atenga akazi onse ndi maloya. Bashi Mwila tamupatsa akuba ndi zigawenga, ndipo a Zulu akuti Chibemba chikuyenera pamenepo. Ine ndatsala ndi munthu mmodzi, Inspekita, amene mwamwayi salankhula zambiri.

Kwa amene mukuwerenga, langizo langa ndi lalifupi. Kusasa mawu kosatha si fumbi, si chimfine, si ukalamba, mpaka dokotala ataona n'kunena. Khansa yanga sinandipweteke pachiyambi, ndipo n'chifukwa chake ndinaisunga miyezi itatu. Ngati mawu anu, kapena a munthu wa m'nyumba mwanu, asintha ndipo masabata atatu apita, pitani ku kiliniki, ndipo pemphani kuti akuoneni pakhosi. Musadikire ululu. Inu a pabanja ndi anansi, mukamva mawu achilendo kwa munthu amene mumamumva tsiku ndi tsiku, mufunseni kuti zayamba liti, ndipo muperekezeni.

Sizoni yomaliza iyamba mwezi wamawa. Pabalaza pathu mkangano wasamukira pa funso lina: kodi Inspekita afa kapena apulumuka? A Zulu akuti munthu wotere safa. Bashi Mwila akuti azungu amakonda kupha munthu wabwino pomaliza. Monika akuti zidalira mkazi wake. Ine pamenepa ndilibe ganizo, ndipo sindikuda nkhawa. Kaya afa, kaya apuma ntchito, adzakhala ndi mawu ake otsiriza, ndipo ine ndidzakhalapo kuwanena m'Chinyanja.