Neti ya Bana Mwape pa Thanki Langa la Nsomba

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinakhala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, mu Lusaka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osadula galasi ngakhale limodzi. Ntchito yanga inali yodula magalasi a mawindo, ndipo chaka chimenecho makasitomala anachita ngati apangana. Nditafika kunyumba ku Chawama ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita. Iye anayang'ana mwana wathu Taonga, wa zaka ziwiri, ali kalikiliki kunyambita supuni, n'kunena kuti, "Yendani, koma uyu azakula osakuzibani." Ndinaseka. Mwana angaiwale bwanji bambo ake mafoni alipo?

Ku Joni ndinazunzika miyezi ingapo, kenako ndinapeza ntchito m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta. Osati zandiwo ayi, zongoonerera. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Makoma onse anali mathanki agalasi owala, ndipo m'katimo munkayandama zinthu zimene sindinkadziwa kuti Mulungu analenga: nsomba zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina zamichira yotambalala ngati chitenje choyanika pachingwe. Ine wokulira kapenta wouma ndinachita mantha ndithu ndi kukongola kumeneko. Ndinafunsa mwini sitolo, mkulu wina wachimwenye, ngati zimakoma zokazinga. Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ndimakhulupirira kuti anandilemba ntchito chifukwa cha funso lomwelo.

Anandipatsa ntchito yodula zivundikiro za mathanki. Poyamba ndinkaona ngati n'zamatama a anthu olemera. Nsomba ingathawe m'madzi kuti ipite kuti? Ndiye m'mawa wina ndikusesa ndinapeza kansomba kofiira pansi pa shelefu, katauma gwa, fumbi lili mbuu. Thanki lake linali lovundikira, koma pakona pamene pankadutsa waya panali kampata koti n'kulowa chala chimodzi basi. Ndinagwada n'kuyang'ana kampatako nthawi yaitali. Kanthu kopanda miyendo, kopanda mapiko, kanapeza bwanji khomo laling'ono chotero n'kulilasa ndendende? Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimadabwabe. Abwana anandiuza kuti nsomba imalumpha ikadzidzimuka, ikamathamangitsidwa ndi inzake, kapena madzi akaipa. Kuyambira pamenepo zivundikiro zanga sizinkasiya mpata ngakhale wa singano, ndipo ndinkadzitama nazo kwambiri.

Kusungulumwa kokha n'kumene ndinalephera kukuvundikira. Lamlungu sitolo ikatsekedwa ndinkangokhala pabedi m'kachipinda kanga, kumvetsera anthu akuseka m'chinenero cha eni ake. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, ndipo mumtima ndinkati ndine amene ndagwira banja langa kuti lisagwe. Koma ndikaimba foni ya vidiyo, Taonga ankabisala kumbuyo kwa amake. Ankabwera pokhapokha ndikalozetsa foni ku mathanki.

"Ba ankolo ba nsomba, onesani ija yofiira."

"Ni badadi bako aba, iwe," ankatero Esinati.

Mwanayo ankangoyang'ana nsomba basi. Zinkandiwawa, sindibisa. Ndinamulonjeza kuti ndikadzabwera adzakhala ndi nsomba zakezake.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Taonga anandigwadira bwinobwino ngati mlendo wa kutchalitchi. Sankanditchulanso ankolo, koma sankanditchulanso china chilichonse. Akafuna kundiitana ankauza amake kuti, "Bauzeni chakudya chapsa." Chiyembekezo changa chonse ndinachiika pa thanki. Ndinalipanga ndekha, n'kudula chivundikiro chokhala thi ngati za ku Joni, ndipo m'tauni ndinagula kapampu ka mpweya ndi nsomba zinayi zofiira, zamichira yosongoka ngati mpeni. Anthu a papuloti pathu, mabanja asanu ogawana mpopi umodzi, anachita mzere kudzaona. Taonga anakokera mpando pafupi ndi thanki, moti kwa nthawi yoyamba anakhala pambali panga osathawa.

Tsiku lachitatu magetsi anazima m'mamawa. Ndinati abwera posachedwa. Esinati anangopukusa mutu. Pofika masana malata anali atatentha ngati chiwaya, ndipo nsomba zonse zinayi zinali pamwamba pa madzi, tikamwa tili pwepwete, zikusaka mpweya. Pampu inali chete. Ku sitolo kuja magetsi akazima jenereta inkadzilizira yokha, ndipo zaka zonsezo sindinaganizepo kuti chivundikiro chothina chimadalira pampu. Ndinachikankha pang'ono kuti mpweya ulowe. Nthawi yomweyo imodzi inati psiti, n'kugwera pasimenti. Taonga anakuwa. Ndinaitola ndi manja onyowa, kuibwezera, n'kutsekanso msangamsanga. Ndikatseka zikubanika, ndikatsekula zikulumpha. Katswiri wa ku Joni ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, mwana akundiyang'ana kuti aone ngati ndine munthu wosunga lonjezo.

Kukuwako kunabweretsa bana Mwape, mayi wa Chibemba wogulitsa zitumbuwa, amene amakhala khomo loyandikana ndi lathu. Anasuzumira m'thanki, kenako anandiyang'ana ine.

"Ba Yotamu, mwazivalila thi monga maliro mu bokosi. Zizapema bwanji mpweya?"

"Nikachosa zijumpa n'kugwela pansi, bamayo."

"Kanshi vuto ni yamene iyo chabe?"

Anatuluka n'kubwera ndi neti yakale ya udzudzu, lumo ndi lamba wa chubu cha njinga. Anachotsa galasi langa lija mosalipatsa ulemu m'pang'ono pomwe, anayala netiyo pamwamba n'kuimanga ndi chubu kuzungulira thanki. Nsomba ina inalumpha, inagunda neti n'kubwerera m'madzi yamoyo. Ndinachita manyazi, koma nzeru ina inandibwerera. Ndinati madzi akamatungidwa ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba, thovu lake limalowetsa mpweya. Ndinatukula kona ya neti, kutunga, kutseka, kuthira. Kutunga, kutseka, kuthira. Patapita kanthawi nsomba imodzi inatsika pansi n'kuyamba kusambira bwino.

Vuto linali loti ukasiya pang'ono zinkabwereranso pamwamba, ndipo palibe ankadziwa kuti magetsi abwera nthawi yanji. Mkono wanga utalema, bana Mwape anangondilanda kapu. Iwo atatopa inapita kwa Esinati, kenako kwa amake Chisomo a khomo lachitatu, kenako kwa ba Zulu, mlonda wopuma ntchito amene anabwera ndi mpando wake. Palibe anaitanidwa, palibe anafunsa kuti wotsatira ndani. Wina akamathira, wina ankakaonera mnzake mafuta okazingira pambaula. Ndinaima pakona ndikudabwa. Anthu awa, amene m'mawa womwewo ankakangana za ndowa pampopi, anaphunzira kuti kusinthana mwadongosolo chotere, chifukwa cha tinsomba tosadyedwa n'komwe?

Ndinafunsa. Amake Chisomo anayankha maso ali pa kapu.

"Ni mwamene tinachitila pali Taonga, paja anadwala chifuba. Masiku yatatu thupi inali moto. Uyu amupukuta na nyula yonyowa, uyu amupepelela, uyu amupapa kumbuyo kuyenda ku kiliniki."

Ndinatembenukira kwa Esinati. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo.

"Anali na zaka zinayi," anatero motsitsa mawu. "Sembe ninakuuzani, sembe munachita chani kuja? Kulila chabe mweka?"

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo. Ndinakumbukira chaka chimenecho. Ndinkayenda m'misewu ya ku Joni chifuwa chili patsogolo, ndikuti mwana wanga ali moyo chifukwa cha zimene ndimatumiza. Ndithu zinkathandiza, sindikana. Koma mpweya wa mwanayo unagwiridwa ndi manja awa, amene tsopano ankapatsirana kapu yapulasitiki yong'aluka m'mphepete. Ndinapita kutali kukagoma ndi zodabwitsa za m'magalasi, osadziwa kuti chodabwitsa chachikulu ndinachisiya papuloti ya mabanja asanu, ndipo ndinkachidutsa popanda moni wokwanira. Ndinachita mantha, ndinathokoza, ndipo misozi inatsika anthu akuona.

Dzuwa linapendeka magetsi asanabwere. Nsomba zonse zinayi zinali zamoyo, zikuzungulira pansi pa neti. Taonga, amene tsiku lonse ankayang'anira kuti kona ya neti yatsekedwa bwino, anali atadziika yekha kukhala kapitawo. Ba Zulu atatambasula dzanja kuti alandire kapu kwa bana Mwape, iye anawaletsa.

"Iyayi ba Zulu, imwe mwachita kale kabili. Pambuyo pa bana Mwape ni badadi."

Anatenga kapuyo n'kundipatsa, osandiyang'ana kumaso. Ndinaimirira, ndinatukula kona ya neti, ndipo ndinatunga.