Disiki Yositidwa ya a Gervazio

Inu amene mukuti moyo wakupondani, imvani za a Gervazio, bambo wa ku Nsanje amene anachita manyazi oti wina akanasamuka nawo m'tauni.

Lolemba lina m'chaka cha 1991, a Gervazio anaima pamaso pa bwana wawo, a Ellard, mu ofesi ya ku Limbe. Chipewa chinali m'manja. Pa tebulo panali kanthu kakuda kokhwinyata ngati chikopa chowamba.

"A Gervazio, ichi n'chiyani?" anafunsa bwana.

"Ndi disiki, bwana."

"Inali disiki. Tsopano n'chiyani?"



Tiyambe ndi kumene a Gervazio anachokera. Mayeso a Sitandade 8 anawakana mpaka aphunzitsi anatopa nawo. Anabwera m'tauni ndi kachikwama kamodzi, apongozi awo atanena poyera kuti, "Ameneyu adzabwerera ndi chikwama chomwecho." Atavutika ndi maganyu, anapeza ntchito ya umesenjala pa kampani ina yomwe inali ndi nyumba yosungira katundu ku Makata ndi ofesi ku Limbe. Uku kompyuta, uko kompyuta, pakati pake panalibe waya. Waya wake anali a Gervazio ndi njinga yawo.

Mafayilo ankayenda pa disiki ija yaikulu, yopyapyala, yofewa ngati chikuto cha kope. Lachisanu madzulo a Hilda, mayi wa pa kompyuta ku Makata, anawapatsa imodzi.

"Muli ntchito ya mwezi wonse umu. Muisunge pabwino," anatero.

Masiku amenewo munthu aliyense ankadziwa pabwino: thumba la malaya la pamtima, momwe munkakhala khadi la chipani. Khadi limenelo ukaliiwala, mumsika sulowa, basi sukwera. Ndiye a Gervazio anati disiki ikhale pamodzi ndi khadi. Inakana kulowa. Anaipinda pawiri, inakanabe. Anaipindanso, inalowa bwinobwino, iwo n'kumwetulira kuti nzeru si sukulu.

Ku Limbe anapeza atatseka, choncho anapitirira kunyumba ku Chigumula. Loweruka akazi awo, a Anastazia, pofuna kuchapa malaya anapeza kanthu kaja.

"Mayo ine! Zinthu za ku ofesi zipite ndi makwinya ngati pakhomo pano palibe mkazi?"

Anakoleza makala m'simbi, anawaza timadzi, n'kusita disiki ija mbali zonse ziwiri. Mayi wakhama, osafuna kuchititsa mwamuna manyazi!

Bwana Ellard atamva nkhaniyo anagwira kumutu. Mwayi wake a Hilda anali akadali ndi mafayilowo m'kompyuta yawo.

"Mwezi uno ukamatha mudzanyamulanso ina," anatero bwana. "Ikadzafika yowonongeka, mudzapita kukapuma ku Nsanje."

Ku Nsanje! Kumene anthu ankadziwa kuti mwana wawo amagwira ntchito ya kompyuta! M'maganizo a Gervazio anaona apongozi awo ali pa mkeka, akuyang'ana kachikwama kaja. Mtima unawawa zedi. Anzawo a kuntchito nawo sanachedwe, anawapatsa dzina loti a Simbi. Akamadutsa ankamva, "A Simbi, tisitirenikoni buluku!"

Wina akanangomanga katundu. Iwo anapita kwa a Hilda.

"Mayi, ine ndine mbuli pa zinthu izi. Ndiphunzitseni. Ndipatseni madisiki akale ndiziyesera kunyamula."

A Hilda anaseka mpaka misozi, koma anawapatsa, atalembapo tinthu toyesera. Yoyamba a Gervazio anaimanga pa keliyala ndi mphira, molimba ngati thumba la makala. Inafika yopindika. Ina anaibisa m'chipewa, dzuwa lili pamutu. Inafika itasamba thukuta. Ina anaigoneka pa wailesi kunyumba, poti ndi malo aulemu amene ana sakhudzapo. M'mawa kompyuta inati mulibe kanthu.

"Mu sipika muli maginito, a Gervazio," anatero a Hilda. "Amafufuta zonse."

"Kanthu aka kamaopa moto, madzi, wailesi, ngakhale thukuta la munthu. Nanga kanabwereranji kuno?" anadandaula a Gervazio.

Koma sanaleke. Nthawi ya nkhomaliro anzawo akamakadya, iwo ankakhala pambali pa a Hilda n'kumafunsa mafunso mpaka mayiwo kuiwala tiyi. Ataona khama limenelo, a Hilda anapempha bwana kuti agule madisiki a mtundu watsopano, poti makompyuta onse awiri anali ndi polowetsa pake.

"Wonyamula ndinu," anatero a Hilda. "Kasankheni nokha."

Pa sitolo ina m'tauni, mwini wake a Alidi anatulutsa kadisiki kakang'ono kolowa m'dzanja, ka chigoba cholimba, kokhala ndi kachitseko kachitsulo. A Gervazio anayesa kukapinda, kanakana. Anakagogoda pa kauntala.

"Kakagwa pansi?"

"Kalimba."

"Ndikakakhalira?"

"Osachita dala, koma kalimba."

"Nanga kakasitidwa?"

A Alidi anavula magalasi. "Bambo, mukufuna disiki kapena khasu?"

Atamva za simbi anaseka mpaka kutsamira pa khoma. Kenako anawalangiza: "Kulimba kwake si chilolezo. Muzikakulunga m'pulasitiki, kutali ndi moto ndi maginito. Ndipo muzinyamula tiwiri tokhala ndi zinthu zofanana, wina apa wina apo."

A Gervazio anatenga kamodzi, n'kukayesa m'thumba la pamtima. Kanalowa kopanda kupinda, n'kukhala pambali pa khadi ngati kwawo.

"Takhuta!" anafuula pothokoza m'Chisena cha kwawo, anthu m'sitolo n'kutembenuka.

Mwezi unatha, tsiku lija linafika ndi mvula ya mkokomo. A Hilda anakopera mafayilo pa timadisiki tiwiri. Kena a Gervazio anakaika m'chikwama pa keliyala, kena m'thumba la pamtima, atakakulunga m'pepala lapulasitiki la shuga. Anapalasa kudutsa Ginnery Corner, kudutsa Chichiri, maso atatsinzina theka. Chakufupi ndi Maselema gudumu linalowa m'dzenje lobisika ndi madzi. Njinga uko, mwini wake m'ngalande, khuu! Atadzuka anaona chikwama chikupita ndi madzi, osatsanzika n'komwe.

Anagwira pamtima. Kanalipo.

Anafika ku Limbe akukankha njinga yopindika, matope mpaka m'makutu, bondo likuchucha magazi. Bwana Ellard anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natambasula dzanja. Analowetsa kadisiki. Kompyuta inalira, kirrr, kirrr, n'kukhala chete.

Mafayilo onse anatulukira pa galasi la kompyuta.

"A Gervazio," anatero bwana, "pitani mukatsuke bondolo. Mawa ntchito ilipo."

A Gervazio, bambo wamkulu, analira ngati mwana, matope akusungunuka m'masaya. Ku Nsanje anapitako ndithu, koma pa Khirisimasi, ndi chikwama chatsopano.

A Hilda anapitiriza kuwaphunzitsa mpaka zala zimene zinkamanga mphira zinayamba kutayipa. Patapita zaka anatsegula kasitolo kawo ku Limbe, kogulitsa zosungira mafayilo. Wogula akafunsa yokongola, iwo amafunsa kaye, "Muziyenda nayo bwanji?" Disiki yositidwa ija anaipachika pakhoma, ndipo a Anastazia akaiona amanenabe kuti, "Simbi inalibe vuto, disikiyo ndi imene inali yofooka."

Ndiye inu amene anzanu akupatsani dzina lachipongwe chifukwa cha kulakwitsa kwanu, musamange katundu. Funsani, yesaninso, akasekanso mufunsenso. Munthu amene anapinda disiki panayi anafika podya za kompyuta. Osataya mtima!